Mikanda Imene Ndinabwezera pa Ulusi

Ndinaphunzira kugwira pensulo imvi zitatuluka kale. Kwathu ku Mnkhanya timalankhula Chikunda, koma kusukulu ya akuluakulu anatiphunzitsa kulemba Chinyanja, ndiye ndi chimene ndikulembera. Nkhani yake ndi ya mikanda ya m'chiuno mwa malemu mkazi wanga. Mwamuna sakamba za mikanda pagulu, koma pepala lilibe maso, silindichititsa manyazi.

Ndinakwatira ndili mnyamata wopanda kanthu, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Iye anali wamtali, wowonda, wa khosi lalitali. Kuyenda kwake ndi kumene kunandikopa. Akasenza mtsuko kuchokera kumtsinje ankawasiya anzake kutali, madzi osatayika ngakhale dontho, ndipo ankaima pansi pa mtengo wa bwemba n'kumawaseka akamafika ali wefuwefu.

Kuchigwa kuno kulibe ng'ombe chifukwa cha ntchentche za kashembe, ndipo masiku amenewo mafuta anali chinthu chosowa. Tinkadya mapira, nsomba zouma ndi masamba. Mvula ikafika pakati, nkhokwe zitatha, aliyense ankaoneka nthiti. Choncho munthu wonenepa tinkamuyang'ana mosirira. Mkazi akanenepa, ulemu unkapita kwa mwamuna wake. Akawonda, mlandu unali wa mwamuna yemweyo, makamaka ngati ndi mkamwini wolima dothi la eni.

Mkazi wanga anali ndi mng'ono wake, mlamu wanga, mtsikana wa pakamwa pakuthwa. Pachilamu palibe malire, ndiye ankandinena mmene wafunira. Tsiku lina tikupuntha mapira pabwalo, anthu ali ambiri, anakuwa:

"Alamu, kodi akulu angawa mumawadyetsa mphepo? Tikawaimika m'munda, mbalame zonse zithawa!"

"Ndinawapeza ali chomwechi kwanu konkuno," ndinayankha.

"Munapeza bango, ndiye mukufuna mutibwezere udzu?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mkazi wanga anaseka nawo, inenso ndinaseka. Koma mawuwo anandilowa ngati minga ya mthethe, imene imathyokera m'phazi munthu n'kumayenda nayo.

Ntchito yanga yoyamba inapezeka nthawi imene a gemu, oyang'anira nyama za m'tchire, ankapha mvuu zina kuti zichepe mumtsinje. Ine ndinali m'gulu losenda ndi kuyanika nyama. Mvuu ili ndi mafuta oyera pansi pa chikopa, ndipo ife osenda ankatilola kutengako. Ndinkawasungunula n'kuwathira m'chitini. Tsiku limene ndinafika nacho kunyumba chitini choyamba, mkazi wanga anathira supuni imodzi m'masamba a maungu, fungo linafika mpaka kwa apongozi. Ndinakhala pamphasa n'kumamuyang'ana akudya, milomo ikunyezimira. Sindinakondwepo chomwecho chibadwire.

Ntchito ya mvuu itatha ndinalembedwa pa kampu ina ya alendo, m'mbali mwa Luangwa cha ku Nkwali. Ndinayamba ngati wonyamula tiyi. Alendo akamayenda pansi kukaona nyama, sikauti ankatsogola ndi mfuti, pambuyo pake wolongosola za nyama, kenako alendo, ndipo ine kumapeto ndi chikwama cha ketulo, makapu ndi mabisiketi. Tinkanyamuka sikisi koloko, udzu uli ndi mame. Ndimakumbukirabe fungo la nkhalango ya tsanya m'mawa, nswala zikutithawa pang'onopang'ono ngati sizikufuna, nkhwazi ikulira kutsidya. Cha m'ma naini tinkaima pansi pa mvunguti, ine n'kupeka moto ndi timitengo tiwiri. Machesi ndinali nawo m'thumba, koma alendo ankakonda kuona moto wopeka, ndipo ankawomba m'manja utsi ukatuluka. Zaka zimenezo miyendo yanga inali yolimba ngati ya njati.

Pambuyo pake anandilowetsa kukhitchini. Ndinaphunzira kuphika buledi m'dzenje, makala pansi, makala pamwamba pa lata. Kampu inkatsegulidwa mvula ikatha n'kutsekedwa mvula ikamayamba, chifukwa misewu inkasanduka matope. Tsiku lotseka, zakudya zotsala ankatigawira antchito: shuga, ufa wa tirigu, majarini, mafuta ophikira, mkaka wa m'zitini. Ndinkamanga zonse panjinga n'kupalasa ulendo wa ku Mnkhanya, mitambo ikuda kumbuyo kwanga.

Apa ndi pamene pabwera mikanda. Kwathu mkazi amavala mikanda m'chiuno, mkati mwa zovala, ndipo woiona ndi mwamuna wake yekha. Wogula ndi mwamunanso. Ya mkazi wanga inali pa ulusi umodzi wolimba wosokera ukonde. Chaka chimene ndinabwera ndi chitini cha mafuta a mvuu, ulusiwo unayamba kumuthina. Ndinagula mikanda yofiira kwa munthu wina woyenda ndi malonda, ndinamasula mfundo, n'kuwonjezera. Kuyambira pamenepo unasanduka mwambo wathu awiri. Chaka chilichonse ndikamabwerera kuchokera kukampu ndinkabwera ndi mikanda ya mtundu wina. Tinkadikira tsiku limene mvula yagwa masana, anthu onse athawira m'nyumba zawo, mwana ali kwa agogo ake. Tinkatseka chitseko, mvula ikuwomba pa udzu, iye n'kumasula ulusi, ine n'kumatunga. Ankanditolera mikanda yogwa pamphasa n'kumandinena kuti zala zanga ndi zazikulu ngati chinangwa.

"Bambo a mwana, chaka chino mwabweretsa yochuluka."

"Ikwana. Ikapanda kukwana chaka chino, ikwana chaka chamawa."

"Mukufuna ndisanduke mvuu?"

"Mvuu ndani anaiona ikudwala?"

Ankaseka n'kundimenya paphewa. Yofiira inali ya chaka cha mafuta a mvuu. Yoyera inali ya chaka chimene mwana wathu wamkazi anabadwa. Yobiriwira inali ya chaka chimene njovu zinatidyera mapira onse koma ife sitinagone ndi njala chifukwa cha ufa wa kukampu. Kenako yachikasu, yabuluu, yakuda. Sindinkadziwa kuwerenga kalata, koma ulusi umenewo ndinkauwerenga. Unali umboni wanga wakuti ndine mwamuna.

Ndipo anthu anavomereza. Kutchalitchi amayi ankasendera kuti amupatse malo pabenchi, n'kumanena kuti wakhala pabwino. Nsalu imodzi inaleka kumukwana, ndinkagula ziwiri n'kulumikiza. Mlamu wanga uja tsiku lina anandigwadira mwachipongwe pakhomo la tchalitchi.

"Alamu, ndabweza mawu anga. Bango lija lasanduka mlambe. Mundipezereko mwamuna wa kukhitchini nanenso, wangayu angodziwa kuwedza timatemba."

Ndinayenda ngati mfumu tsiku limenelo.

Ndinamuletsa kupita kudimba. Ndinati mkazi wa munthu wa pantchito sapsa ndi dzuwa. Kumtsinje kunkapita mwana wathu, amene anali atakula. Mkazi wanga ankakhala pakhonde, tiyi wa mkaka ndi shuga m'mawa, tiyi masana, mandasi okazinga m'mafuta. Zizindikiro zinabwera, koma ndinaziwerenga molakwa. Akadandaula mawondo ndinkati ndi ukulu. Mutu ukamuwawa kumbuyo kwa khosi ndinkati ndi dzuwa. Mapazi akatupa ndinkati ndi kukhuta. Munthu amene ankasiya anzake kumbuyo ndi mtsuko pamutu anafika poima kawiri kuti apume pakati pa nyumba ndi tchalitchi, ndipo ine ndinkaima naye monyadira kuti odutsa ationere.

Tsiku lina m'mawa anaona chizungulire n'kugwira chipilala cha khonde. Apongozi anaumirira kuti tipite kukiliniki. Ndinamukweza panjinga, koma pamchenga njinga inakana, ndipo mbali yaikulu tinayenda pansi. Tinafika dzuwa lili pamutu.

Nesi amene tinamupeza anali mayi wamfupi wochokera kumtunda, wosazungulira polankhula. Anamuimika pasikelo, anamumanga chikwama chopopa pamkono, n'kumvetsera nthawi yaitali. Kenako anandiitana kuti ndilowe.

"Bambo, amayiwa ndi anu?"

"Ndi anga, asisita," ndinatero monyada.

"Magazi awo akuthamanga kwambiri. Thupili lachuluka. Ayenera kuchepetsa shuga, mafuta ndi mchere, ndipo aziyenda tsiku ndi tsiku."

"Asisita, mukufuna mkazi wanga aoneke ngati wamasiye ine ndili moyo?"

Sanaseke. Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira, ndinamuuza kuti ndinayamba ndi kunyamula katundu wa alendo m'tchire.

"Ndiye mukudziwa katundu," anatero. "Mtima uli m'chifuwa mwa amayiwa ndi womwe uja anali nawo ali mtsikana. Mwausenzetsa katundu wa anthu awiri, ndipo sutula usana kapena usiku. Inu munkatula pansi pa mtengo n'kumwa tiyi. Mtimawo utula liti?"

"Koma owonda ndi amene amafa. Taika ambiri."

"Zoona. Owonda kwambiri timawaika msanga. Onenepa kwambirinso timawaika msanga, kungoti maliro awo anthu amati wafa mwadzidzidzi, anali bwinobwino dzulo. Amene amakhalitsa kawirikawiri ndi apakati. Sindine Mulungu, sindingakuuzeni tsiku. Ndikungonena zimene ndimaona pakhomo pano."

Anapereka mapilitsi, analemba pakhadi, n'kunena kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Ndinkaona ngati mlendo watukwana ntchito ya moyo wanga wonse. Mkazi wanga anapinda khadi n'kuiika m'nsalu. Iye anali atapitako kusukulu zaka ziwiri ali mwana, ndipo ankatha kuwerenga pang'ono. Ine ayi.

Mvula itatha ndinapita kukampu monga mwa nthawi zonse, miyezi isanu ndi umodzi. Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake. Anabwerera kudimba. Anayamba ndi kungofika n'kukhala pansi, kenako kuthirira mabedi awiri, kenako dimba lonse. Shuga ndi majarini zimene ndinamusiyira anapatsa mng'ono wake. Mwezi uliwonse ankayenda pansi kupita kwa nesi uja.

Tsiku limene ndinabwerako anandichingamira panjira, kunja kwa mudzi, pa mtengo wa bwemba uja. Ndinamuona patali akubwera mofulumira ndipo sindinamuzindikire msanga. Anandilanda chikwama n'kuchisenza. Sanali wowonda ayi, anali mayi wathupi ndithu, koma khosi lake linali litaonekanso.

"Mwayenda bwanji, bambo a mwana? Mwandiyang'ana ngati mwaona mzukwa."

"Mwadwala?"

"Ndi dzuwa la chaka chino. Aliyense wauma."

Mukanandifunsa tsiku limenelo ngati anali wokongola, ndikanati inde. Koma mantha anali atandigwira kale, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. Zaka zimenezo ndi zimene matenda a kaliwondewonde analowa m'chigwa. Munthu ankayamba kuwonda, kenako kutsokomola, kenako maliro. Mankhwala kunalibe. Anthu ankayang'anitsitsa matupi a anzawo, ndipo chala ankaloza ife ogwira ntchito kutali ndi nyumba, a m'makampu ndi oyendetsa magalimoto. Ndipo ine sindinali woyera. Chaka china, kale, ndinalakwapo ndi mkazi wina wa kumsewu. Sindinauze munthu. Thupi lalikulu la mkazi wanga ndi limene linkanditonthoza kuti palibe chimene ndinabwera nacho, ndipo linkatseka pakamwa pa anthu.

Mvula ya masana itagwa tinatseka chitseko monga kale. Ulusi unali womugwira bwino m'chiuno, osalendewera, ndipo mtima wanga unatsika. Koma nditaugwira m'manja ndinaona kuti wafupika. Yobiriwira panalibe. Yachikasu inali yochepa.

"Yobiriwira ili kuti?"

"Ulusi unaduka kudimba, ina inatayika m'dothi."

Ndinamubwezera ulusiwo osawonjezerapo kanthu. Patapita masiku awiri ndinapita kwa wokonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambano, pamene amuna ankakhala n'kumacheza. Nditafika nkhani inaduka. Ndikuchoka ndinamva wina kumbuyo kwanga akunena motsitsa mawu kuti, "Za kukampu zafika pakhomo." Ena anaseka pang'ono. Sindinacheuke. Ndinakankha njinga mpaka kunyumba.

Tsiku lomwelo ndikufuna chingwe m'denga la khitchini, dzanja langa linagunda kabotolo ka mapilitsi kotsomekedwa mu udzu. Munali mikanda yobiriwira ndi yachikasu, yonse, palibe umene unatayika. Ankachotsa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuti ulusi uzimugwirabe, ine ndisadziwe.

Ndinamupeza akusankha mtedza pakhonde. Ndinaika botolo patsogolo pake.

"Amake mwana, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana botolo, kenako ine. Sanachite mantha.

"Ndikupuma bwino, bambo a mwana. Mutu unaleka. Dzulo ndinafika kudimba osaima panjira. Asisita akuti magazi atsika."

"Mukudziwa zimene anthu akunena?"

"Ndikudziwa. Anthuwo sasenza thupi langa."

"Akuti ndakupatsani matenda. Ine! Pamphambano andiseka lero."

"Nanga munandipatsa?"

Anafunsa mofatsa, maso ali pa mtedza. Imeneyo inali nthawi yonena zoona, ndipo mwina tikanapeza njira ina. Koma ndinakweza mawu. Ndinati zaka zonsezi ndavutika kuti dzina langa likhale ndi ulemu m'mudzi wa eni, ndipo iye akuligwetsa chifukwa cha mawu a mlendo. Ndinati mkazi wobisira mwamuna wake mikanda angabisenso zina. Mawu amenewo ndi amene anamupweteka. Anaika lichero pansi. Kenako anati:

"Chabwino. Bweretsani ulusi."

Ndinatunga yonse, yobiriwira, yachikasu, ndi yatsopano imene ndinabwera nayo. Sanandithandize kutola yogwa. Atavala, ulusi unalendewera mpaka m'munsi.

"Mudzaudzaza," ndinatero.

Dzinja limenelo ndinaphika ndekha, ine wophikira alendo. Mandasi, mpunga wa majarini, tiyi wa mkaka wa m'chitini. Ndinkakhala pafupi mpaka amalize. Dimba ndinalipereka kwa mng'ono wake. Ankadya mwakachetechete, ndipo nthawi zina ankandiyang'ana ndi maso amene panthawiyo ndinkati ndi kumvera. Pofika nthawi yobwerera kukampu ulusi unali utamugwira. Manong'onong'o anatha. Amuna a pamphambano anayambanso kundipatsa moni mokweza. Kukiliniki anapitako kamodzi kokha, kenako analeka. Anati ndi kutali. Tsopano ndikudziwa kuti ankachita manyazi kuimanso pasikelo pamaso pa nesi uja. Mapilitsi atatha sanakatengenso ena.

Tinakhala zaka zina zitatu, ndipo sindinama, zinali zaka zabwino m'maso mwanga. Mwana wathu anakwatiwa, tinavina. Ndinawonjezera mikanda kawiri.

Uthenga unandipeza kukampu mwezi wa Okutobala, kukutentha kwakuti ngakhale mbalame zinali zitatsegula milomo. Ndinali ndikufukula buledi m'dzenje pamene sikauti wina anabwera kuchokera pa wailesi ya mauthenga n'kuvula chipewa. Anati mkazi wanga wagwa pakhonde, pakamwa papotoka, mbali imodzi sikugwira. Amuna asanu ndi mmodzi anamunyamula pachitseko mpaka kumsewu, akusinthana. Ndinamupeza kuchipatala. Anakhala masiku anayi osalankhula. Dzanja limene linkagwira linkandifinya chala, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kukhululuka kapena kufunsa.

Pamaliro anthu ananena mawu omwe aja nesi ananeneratu. Wafa mwadzidzidzi. Anali bwinobwino, thupi lake losangalatsa. Ena anayamba kufufuza amene anamulodza. Amayi osambitsa thupi anadula ulusi, ndipo maliro atatha mlamu wanga anandipatsa kansalu komanga mfundo. Munali mikanda yonse ndi khadi ya kukiliniki. Sanandinene, sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo chilamu chathu chinazizira, tinkangopatsana moni ngati anthu a tchalitchi chimodzi.

Patapita zaka, mankhwala a matenda aja atabwera ndipo anthu atayamba kukayezetsa poyera, ndinapita nanenso. Anandipeza ndilibe. Ndinatuluka n'kukhala pamwala kunja kwa kiliniki. Anthu ena akamva zotero amavina. Ine ndinaganiza za ulusi wolendewera uja.

Nditapuma ntchito ndinalowa sukulu ya akuluakulu. Anzanga ankati akufuna kuwerenga Baibulo okha. Inenso ndinkanena chomwecho, koma chimene ndinkafuna chinali khadi ija. Chaka choyamba chitatha ndinaitulutsa. Manambala a sikelo ndinawatsatira ndi chala. Yoyamba inali yaikulu. Yotsatira inatsika pang'ono, inanso inatsika, mizere isanu ndi umodzi yotsikatsika, miyezi imene ndinali kukampu. Pambali pa mzere womaliza nesi analemba m'Chinyanja, ndi zilembo zazikulu kuti wodwala wake athe kuwerenga: MWACHITA BWINO AMAYI, PITIRIZANI. Pansi pake panali mzere umodzi wokha, nambala itakweranso. Kenako pepala loyera.

Ndakhala ndikuganiza za anzanga a kukampu. Masikauti amene ankayenda pansi tsiku ndi tsiku, ena alipobe, okalamba ouma ngati tsanya. Amene anawonda ndi matenda kapena njala tinawaika kalekale. Koma amene anakwera n'kukhala pampando kapena pachiwongolero, mimba n'kutuluka, ife n'kumawatcha mabwana, ambiri a iwonso anapita asanaone zidzukulu zikukula. Si onse. Alipo mmodzi wonenepa amene akali moyo ndipo amandiseka ndikamudutsa. Koma ndikawaika m'mizere m'mutu mwanga, mzere wapakati ndi umene uli ndi anthu ambiri otsala.

Ndikanafa nazo izi osalemba, pakanapanda mwana wanga. Amakhala ku Jumbe, mwamuna wake amayendetsa minibasi, iye amakazinga zitumbuwa pamsewu, atakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chaka chatha ndinapita kukawaona. Anadzuka kuti andilandire, ndipo anagwira bondo ndi dzanja monga ankachitira amake. Pobwera ndi madzi ndinamva kupuma kwake. Mkamwini wanga, munthu wabwino, anandiyandikira akumwetulira.

"Atate, mukuona mmene ndikusungira mwana wanu?"

Ndinaona nkhope yanga ya kale. Ndipo ndinayankha kuti, "Zikomo, mukusunga bwino." Mantha omwe aja.

Bambo sangakambe ndi mwana wake wamkazi za thupi lake, nanji za mikanda. Mkamwini naye timaopana. Ndinabwerera kunyumba, ndinagula kope, ndipo ndinalemba masamba atatu, sabata yathunthu, osabisa kanthu, ngakhale za mkazi wa kumsewu. Kenako ndinatenga kalatayo, khadi ndi kansalu ka mikanda n'kupita kwa mlamu wanga, chifukwa mayi wamng'ono ndi amene angalowe pamene bambo sangalowe. Ndinamupeza akupeta mapira. Wakalamba, mano atsala ochepa, ndipo ndi wouma monga analili kale.

"Muli bwanji, alamu?"

"Tilipo. Mwasochera?"

Ndinakhala pansi n'kumuwerengera kalata yonse, popeza iye sanaphunzire. Ndinkakakamira pa mawu ena ngakhale ndinawalemba ndekha. Nditamaliza anapitiriza kupeta kwa kanthawi.

"Za botolo ndinkadziwa," anatero. "Ndine ndinkawathandiza kumanga mfundo. Shuga wanu ndinadya ine."

"Bwanji simunandiuze kanthu?"

"Ndikanayamba bwanji? Si ndine ndinakunenani za bango pamaso pa mudzi wonse? Mukuganiza kuti mwasenza nokha zaka zonsezi? Inu amuna, ngakhale mlandu mumafuna ukhale wanu nokha."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Ndipita Loweruka. Koma ya minibasi mulipira ndinu, alamu, musaganize kuti ndiyenda pansi chifukwa ndine wowonda."

Kanali koyamba kundiseka chichitikire maliro.

Anakhalako masiku atatu. Atabwera sanandiuze zimene anakambirana, anangoti mwana analira, ndipo mkamwini anatuluka panja n'kukhala nthawi yaitali m'minibasi yake yosayenda. Miyezi inadutsa osamva kanthu. Ndinaganiza kuti mwana wandida chifukwa cha amake, ndipo ndinati ngati ndi choncho ali ndi chifukwa.

Mvula itatha, tsiku lina m'mawa ndili pakhonde, ndinaona mayi akubwera panjira ya kumsewu, chikwama pamutu. Anyamata a njinga zonyamula anthu amadikira pamsewu pomwepo, koma iye anabwera pansi. Akadali wathupi, ndipo anafika thukuta lili thoo, koma sindinamuone akuima panjira. Anagwada n'kundipatsa moni. Za kalata sanatchule, inenso sindinatchule. Anamwa madzi, anayang'ana cha kumtsinje, n'kufunsa kuti:

"Atate, dimba la amayi lija akulimamo ndani masiku ano?"

Ndinati palibe, lamera bango.

"Khasu lilipo?"

Ndinalowa m'nyumba kukalitenga. Mpini wake unali utafumbwa, ndiye tsiku lonse ndinakhala pansi pa bwemba ndikusema wina.